Nyanja ya Mchere Pansi pa Phiri la Mulanje

Pa mitu yonse imene ndinaphunzitsa m'zaka zanga za choko, panalibe umene aphunzitsi tinkauzemba ngati wa nyanja zikuluzikulu za mchere. Masamu ankavuta inde, koma mwana ukamupatsa timiyala kapena zitsekerero za mabotolo ankawerenga yekha n'kupeza yankho. Nanga nyanja ya mchere ukaitenga kuti? Ana athu anali a m'chigwa cha Phalombe, nthawi imeneyo dera lonselo lidakali pansi pa boma la Mulanje, pakuti Phalombe anadzaima payekha mu 1998. Madzi ambiri amene anawo anali atawaonapo anali a Thuchila akasefukira mu Febuluwale. Choncho ambirife tinkangolemba pabolodi kuti Pacific, Atlantic, Indian, Arctic, ana n'kumakuwa motsatira ndodo ya mphunzitsi mpaka mayinawo atakhazikika. Mayeso ankakhoza ndithu. Koma kuwafunsa kuti kodi madzi amenewa akukhudza bwanji munda wa kwanu, kalasi yonse zii.

Inenso nyanjayo ndinali ndisanaione. Ndinkaidziwira m'mabuku a kukoleji, ndipo m'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi a kumudzi ambiri tinali otero. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti tinalibe zipangizo, ndiye tinkayenera kuganiza. Masiku ano aphunzitsi achinyamata ali ndi dzina lake la zimenezi, amati TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Ife tinkangoti kusowa.

Dziko lathu loyamba linali chipanda. Ndinapempha chachikulu chobulungira bwino kwa amayi ena a pafupi ndi sukulu, ana a Sitandade 6 n'kujambulapo zigawo za dziko potsata mapu a m'buku, kumtunda n'kupaka dothi la katondo, kumadzi n'kupaka bulu wochapira zovala uja. Africa anatuluka wonenepa kuposa mmene alili, Australia anatsala pang'ono kugwera ku mchombo wa chipandacho, koma zinatheka. Ana aang'ono ndinkawakhazika mozungulira pansi pa mtengo wa mango, n'kumapatsirana chipandacho chikuzungulira m'manja. Aliyense akachilandira ankanena pamene chala chake chachikulu cha kumanja chagwera, pamadzi kapena pamtunda, wina n'kumalemba timizere pa sileti. Pomaliza timizere ta madzi tinkaposa ta mtunda kowirikiza kawiri ndi kupitirira. Ndikawauza tsopano kuti pa magawo 100 a nkhope ya dziko, 71 ndi madzi, ankangogwedeza mitu, chifukwa zala zawo zinali zitanena kale.

Kamnyamata kena, kamene bambo ake ankathyola tiyi kuesiteti, kanayang'anitsitsa chipandacho n'kunena kuti, "Madamu, ndiye n'chifukwa chake minda ikuchepa." Ndinaseka, koma kwathu kuno nkhani ya malo si yoseketsa, ndipo kamwanako kanali katalumikiza phunziro ndi madandaulo a pakhomo pawo popanda wokauza.

Tsiku limene ana ankalikonda kwambiri linali la ndowa. Ndinkatuma atsikana awiri kuchitsime ndi ndowa ya malita 20. Ikafika ndinkati, "Awa ndi madzi onse a padziko lapansi. Palibe ena." Kenako ndinkadzaza mabotolo awiri a Fanta, aja a mamililita 300, n'kuwaika pambali. M'ndowamo munkatsala magawo 97 pa 100, ndiwo madzi a mchere, osamweka, osathiririka mbewu. Mabotolo awiriwo ndiwo madzi opanda mchere a dziko lonse. Apa ana ankayamba kuyang'anana. Koma nkhani inali isanathe. Botolo limodzi lathunthu ndi gawo lina la linzake ndinkazipereka kwa mwana wamtali kuti akaziike pamwamba pa kabati, kumene dzanja la mwana silifika: amenewo ndi madzi oundana a ku Antarctica, ku Greenland ndi pansonga za mapiri ozizira, pafupifupi magawo awiri pa atatu a madzi onse abwino. Anawo madzi oundana ankawadziwira pa matalala okha, motero kumva kuti kuli dziko lonse lokutidwa ndi chimwala cha madzi chokhuthala makilomita awiri kapena kuposa kunkawasowetsa mawu. Otsala m'botolo lachiwiri, pafupifupi onse, ndinkawathira pa mchenga m'mbale, n'kulowa pansi: ndiwo a m'zitsime, m'mijigo ndi mu akasupe. Pomaliza ndinkatulutsa kasupuni ka tiyi m'thumba la diresi, n'kudonthezamo madzi osafika ndi theka lomwe.

"Umu muli Nyanja ya Malawi," ndinkatero. "Muli Chilwa, Shire, Zambezi, Nile, Thuchila wathu, ndi nyanja zonse ndi mitsinje yonse ya madzi abwino."

Ankabwera mmodzimmodzi kudzasuzumira m'kasupuniko atagwira mpweya kuti asataye. Ndipo panalibe chaka chimene sipanapezeke mwana wofunsa kuti, nanga tikamwa onsewo titani? Funso limenelo ndinkaliyembekezera mwachidwi, chifukwa ndilo linkatsegula khomo la phunziro lotsatira.

Poyamba ankayenera kulawa nyanja. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja zikuluzikulu mumakhala mchere wolemera magalamu pafupifupi 35, ndiye kuti timasupuni ta tiyi tisanu ndi kamodzi. Mcherewo ndinkachita kutapa kunyumba kwanga, ndipo mwezi ukapita patali sunali wotapa mosaganiza. Ndinkausungunula m'jagi, aliyense n'kuviika chala. Nkhope zimene ndinaziona pamenepo ndimazikumbukira mpaka lero: kutsinzina, kulavula, kuthamangira kumtsuko. Kenako tinkasonkha moto pamafuwa kuseri kwa kalasi, kuthira madzi a mcherewo mumpoto n'kuvundikira. Akawira ndinkavundukula, n'kupendeketsa chivundikirocho kuti madontho a kunsi kwake agwere m'kapu. Wolimba mtima ankalawa. "Madamu, mchere mulibe!" Atsikana, amene tsiku ndi tsiku ankaona chivundikiro cha mpoto wa nyemba chikudontha, ankadabwa kuti chinthu cha kukhitchini chomwechi chili m'buku la sayansi. Ndinkawafotokozera kuti moto wa dziko ndi dzuwa: limatenthetsa nyanja, madzi amakwera ngati nthunzi n'kusiya mchere pansi, kumwamba kozizira amasanduka mitambo, mphepo imaikankhira kumtunda, mvula n'kugwa, mitsinje n'kubweza madziwo kumene anachokera. Madzi satha, amangozungulira.

Chaka china mnyamata wa kumbuyo, wosayankhayankha m'kalasi, anakweza dzanja. "Madamu, ndiye kuti mvula amaitcheza ngati kachasu?" Kalasi inafa nacho chiseko, ena akuloza kuti agogo ake ndiwo akatswiri a ntchitoyo m'mudzimo. Ndinadziletsa kuseka pofuna kusunga ulemu wa uphunzitsi, koma mumtima ndinavomera kuti palibe buku limene linafotokozapo bwino kuposa iyeyo. Mtsuko pamoto, nthunzi mumpope, madzi ozizira kunja kwake, madontho m'botolo. Ndinamuuza kuti wakhoza, ndi kuti pamayeso asalembe choncho.

Madzi otsala mumpoto tinkawathira pambale yachitsulo n'kuisiya padenga Lachisanu. Lolemba ana ankapeza mbale youma, yoyera mbuu ndi mchere.

Mwayi waukulu umene tinali nawo, umene ndinachedwa kuona kuti masukulu ena alibe, unali mitsinje yathu. Phiri la Mulanje limagawa madzi ake pawiri. Thuchila amatsika n'kukathira mu Ruo, Ruo n'kukakumana ndi Shire ku Chiromo, Shire n'kudutsa Nsanje, kulowa m'dziko la Mozambique, kukathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakafika m'nyanja ya Indian cha ku Chinde. Koma mtsinje wa Phalombe ndi wa Sombani imalowera kwina, ku Chilwa, ndipo Chilwa alibe potulukira. Madzi akalowa mmenemo njira yawo ndi imodzi yokha, ya kumwamba. Tinkajambula zonsezi pabwalo ndi ndodo, kukumba timigula, kuunjika dothi kuti likhale phiri, n'kuthira madzi pansonga ndi chikho. Ana ankaponya timasamba n'kumatithamangira akutchula mayina: Thuchila, Ruo, Shire, Zambezi! Amene tsamba lake lalowera ku Chilwa ankadandaula kuti latsekeredwa.

Apa m'pamene funso lakuti mchere wa m'nyanja unachokera kuti linkayankhika lokha. Ana ambiri anali ndi abale ogula matemba ku Chilwa, ndipo ankadziwa kuti madzi a kumeneko ali ndi kamchere, makamaka nyanjayo ikaphwera. Makolo awo ankakumbukira bwino 1968, pamene Chilwa anauma anthu n'kumayenda pansi kupita kuchilumba cha Chisi, zimene zinadzachitikanso mu 1995. Mvula ikagwa imasungunula timchere tochepa kwambiri m'miyala ndi m'dothi, tosamveka pa lilime, mitsinje n'kutinyamula. Kumene madzi amalowa koma osatuluka, dzuwa limachotsa madzi okha, mchere n'kumaunjikana chaka ndi chaka. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire woitulutsira madzi ku Mangochi, n'chifukwa chake imamweka. Nyanja zikuluzikulu zakhala zikulandira mitsinje ya dziko lonse kwa zaka zosawerengeka popanda kokaitaya. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi ankatha kumva zimenezi bwinobwino, bola uyambire pa matemba.

Za kuya kwa nyanja ndinkagwiritsa ntchito phiri lomwelo, poti linali pakhomo. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 kuchokera pamene pamalekeza madzi a m'nyanja. Pakatikati, nyanja zikuluzikulu n'zakuya mamita pafupifupi 3,700. Ndinkawatulutsa panja, kuwauza kuti ayang'ane phiri kuyambira patsinde mpaka pamwamba, kenako n'kunena kuti phiri lonseli mutalizula n'kuliponya pakati pa nyanja lingamire osaonekanso, sitima n'kumadutsa pamwamba pake. Ndipo ku Pacific kuli chigwa cha pansi pa madzi chotchedwa Mariana, chakuya pafupifupi makilomita 11, kumene mungasanjikize mapiri atatu otere, lachitatulo osatulukirabe. Ena ankakana poyera. Kwa mwana wa ku Mulanje palibe chinthu choposa phiri, ndipo sindinkawakakamiza kuti avomere tsiku lomwelo.

Amene anawagonjetsa anali agogo ena a m'mudzi wa pafupi, msilikali wakale wa Keyala. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anyamata ambiri a ku Nyasaland anatengedwa ndi King's African Rifles, Keyala imeneyo, ena n'kukamenya ku Madagascar mu 1942, ena n'kuwoloka nyanja ya Indian kudzera ku Ceylon mpaka ku Burma mu 1944. Agogowa anali mmodzi wa a ku Burma. Nditapita kukawapempha anandiyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, ine sukulu ndinalekera pa A ndi B, ndikanene chiyani pamaso pa aphunzitsi?" Ndinati, "Agogo, inu munaiona, ine ndinangoiwerenga." Anabwera atavala jekete yawo yakale ndi mamendulo, ana n'kuimirira kuwalonjera, ahedi n'kuwapatsa mpando wa mu ofesi.

Za nkhondo sananene zambiri. Ananena za madzi. Anati anakwera sitima ku Mombasa, ndipo patapita tsiku limodzi mtunda unasowa, kutsogolo madzi, kumbuyo madzi, dzuwa kutuluka m'madzi n'kukalowanso m'madzi, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Anati amuna amphamvu, odziwa kunyamula mfuti ndi katundu tsiku lonse, anagona pansi n'kumasanza chifukwa cha kugwedezeka, ena n'kumaitana amayi awo. Anati sopo wamba sachita thovu m'madzi amenewo, ukasamba thupi limatsala lonyata. Madzi akumwa ankachita kuwayezera. "Mwambi uja wakuti kufa ndi ludzu miyendo ili m'madzi," anatero, "ine ndinauona ndi maso." Atanena za nsomba zouluka, zimene zimatumphuka m'mafunde n'kuyandama m'mwamba ndi zipsepse zotambasuka, ana anatembenukira kwa ine kuti aone ngati ndiwatsutse. Ndinati n'zoona, zilipo. Kamtsikana kena kanafunsa ngati anakumana ndi chinsomba chija chinameza Yona. Agogowo anaganiza kaye, n'kuyankha kuti anaona chinthu chakuda patali chikupemerera madzi m'mwamba, koma sanachifunse dzina. Ndinawonjezera kuti ameneyo ndi namgumi, kuti wamkulu mwa iwo amatalika mpaka mamita 30, ndi kuti si nsomba konse, amapuma mpweya ndipo amayamwitsa mwana. Tinayeza mamita 30 pabwalo ndi chingwe, ndipo anapitirira kutalika kwa buloko ya makalasi atatu.

Agogowo anabwera zaka zingapo mpaka miyendo itayamba kuwakana. Atamwalira ndinkaganiza kuti mboni yatha. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatibweretsera anthu othawa, ochuluka zedi, mpaka m'dziko muno anafika pafupifupi miliyoni imodzi mtendere usanasainidwe mu 1992. M'kalasi mwanga munalowa mtsikana wina wochokera kufupi ndi Quelimane. Chichewa chake chinali chochepa, ankathandizidwa ndi anzake olankhula Chilomwe, ndipo teremu yonse sanatsegule pakamwa. Tsiku la jagi ya mchere anaviika chala, n'kulawa, osalavula. Anangoti, "Ndi omwewo."

Ndinamufunsa pang'onopang'ono, mnzake akumasulira. Anati kwawo nyanja imachoka. Imabwerera m'mbuyo kutali, mabwato n'kutsala atakhala pamatope, amayi n'kutsika ndi madengu kukatola nkhanu ndi nkhono, kenako madzi n'kubweranso, kawiri pa tsiku. Ana anaseka kuti akunama, madzi angachoke okha popanda chilala? Iye anakwiya, ndipo mkwiyowo unamumasula lilime. Anati mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukakhala mumdima, madzi amapita kutali kwambiri n'kubwera ambiri kwambiri, asodzi onse amadziwa. Ndinawauza anawo kuti mnzawoyo wanena zimene zili m'buku la kusekondale: mwezi umakoka madzi a m'nyanja, ndipo ukakhala pamzere umodzi ndi dzuwa mphamvu zawo zimaphatikizana. Kuyambira tsiku limenelo pa nthawi yopuma ankamuzungulira kuti awauze za mitengo ya kokonati ndi za mitengo ina yomera m'madzi a mchere mizu ili pamtunda. Banja lake linabwerera kwawo nkhondo itatha.

Mtsikanayo ndiye anandichititsa kutenga ulusi n'kuyeza pamapu. Kuchokera pa boma la Mulanje kukafika kugombe la kufupi ndi Quelimane, molunjika mmene imaulukira mbalame, ndi makilomita osafika 300, ndipo ulusi womwewo sufika ku Lilongwe. Nyanja ya mchere ili pafupi nafe kuposa likulu la dziko lathu. Ndipo imatiyendera. Mu Juni ndi Julaye, ana akabwera akunjenjemera, manja m'khwapa, phiri litabisala, mvula yamawawa ikugwa osaleka, ndinkasiya zimene ndinakonza n'kuwatulutsa pakhonde. Chiperoni chimenecho ndi mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ya Indian, ndipo dzina lake ndi la phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene chimatulukira. Ikagunda mapiri a Mulanje ndi Thyolo imakwera, n'kuzizira, n'kugwetsa madzi ake. Tiyi amene makolo awo ankathyola amakhala wobiriwira m'miyezi yopanda mvula chifukwa cha chinyontho chimenechi. Ndinkawauza kuti atambasule manja alawe. Madontho amenewo masiku apitawo anali m'nyanja imene ankati sadzaiona.

Pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere mu 1994, makalasi anadzaza mpaka pakhomo, ndipo ndowa imodzi sinkaonekanso kwa amene ali kumbuyo. Ndinkawagawa m'magulu, gulu lililonse ndi chitini chake, ngakhale kuti mchere unkandithera msanga. Ndimamvetsa mphunzitsi wa lero amene, ali ndi ana oposa 100, amangolemba manotsi pabolodi. Koma sindivomereza kuti palibe njira ina. Mdzukulu wanga anandionetsa pafoni namgumi akusambira, wooneka bwino kuposa chilichonse chimene ine ndikanajambula, ndipo ndinakondwa. Nditamufunsa kumene madzi a m'ngalande ya kuseri kwa nyumba yawo amathera, ndi majumbo onse amene amatayamo, sanadziwe. Tinakhala pansi n'kuwatsata ndi chala pamapu mpaka ku Chinde.

Pali mbali ina ya phunziroli imene m'masiku anga sindinkaikhudza kwenikweni. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ya ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kufa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, monga ananenera za Zomba mu 1946. Ana atabwerera kusukulu, mabenchi ena opanda eni ake, sinali nthawi yotsutsana ndi agogo awo za chinjoka cha m'phiri. Ndinangowauza kuti mvula ikagwa yambiri masiku otsatizana, dothi la m'phiri limakhuta madzi n'kulekana ndi thanthwe, ndipo kuti akamva phiri likulindima asathamangire kukaona.

Ndiye kunabwera Freddy, ine nditapuma kale ntchito. Namondwe ameneyu anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian, kumenya Madagascar, kulowa ku Mozambique, kubwereranso panyanja kukatenga mphamvu m'madzi ofunda, n'kudzatulukira kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Anakhala masiku 36, nthawi imene palibe namondwe wina wolembedwa anaifikapo. Zimene anachita ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Nsanje tonse tikuzidziwa. Pamsasa wina wa anthu ogumukiridwa nyumba, umene unali m'makalasi a sukulu, bambo wina wa imvi anandigwira dzanja ndi manja awiri. Sindinamuzindikire mpaka atanena yekha kuti ndi uja wa kachasu. Anati wailesi itayamba kulengeza kuti namondwe watembenuka ndipo akulunjika ku Quelimane, iye anauza akazi ake kuti kumeneko si kutali, n'kusamutsira ana ndi mbuzi kwa achimwene ake kumtunda kudakali kowala. Nyumba inapita ndi chimanga chonse cha m'munda. Anandifunsa ngati ndidakali nacho chipanda chija, ndipo ndinamuuza kuti chinadyedwa ndi chiswe iye asanakwatire n'komwe.